Potaziyamu wa 7.4 Amene Sanali wa Wodwala: Lipoti la Mayi Wotsegula M'mimba

Ndine clinical officer ku wodi ya amayi pa chipatala china muno mu Blantyre. Nkhaniyi inachitika usiku wina mu Januwale, mvula ikugwa, ine ndili pa naiti. Sinditchula dzina la wodwala, la namwino kapena la mnzathu wa ku labu, ndipo mayi amene ndikunenawa anavomera kuti ndilembe za iwo. Ndikulembera onse amene timagwira singano ndi timabotolo ta magazi tsiku ndi tsiku, makamaka ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ndi a ku Malawi College of Health Sciences, amene ntchitoyi amaiphunzira poonera manja athu.

Mmene anafikira

Mayi a zaka 54, a ku Bangwe, ogulitsa masamba pamsika, anafika cha m'ma 7 koloko madzulo atagwiriziridwa ndi mwana wawo wamkazi. Anali atatsegula m'mimba masiku 4, chimbudzi chamadzi chopanda magazi, ka 6 kapena ka 7 pa tsiku. Masiku awiri omalizira ankasanza chilichonse, ngakhale Thanzi amene mwanayo ankawasungunulira. Mkodzo unali utachepa kwambiri. Ankadandaula kuti miyendo yalemera, ndipo akatumba ankawakoka usiku.

M'buku lawo la kuchipatala munali zambiri. BP anawapeza nayo zaka 6 zapitazo, ndipo ankamwa enalapril 10 mg ndi hydrochlorothiazide 25 mg. Ma ARV anali pa 13A, amene muli tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo viral load yomaliza inali yosaoneka. Nditafunsitsa, mwanayo anatulutsa m'chikwama kapepala ka ibuprofen wogula pa okala, amene mayiwo ankamwa chifukwa cha msana. Mankhwala onsewa anapitiriza kumwa masiku oyamba a kutsegula m'mimba, chifukwa anauzidwa kuti a BP ndi ma ARV sadumphitsa.

Maso anali olowa, lilime louma gwa, khungu la pamimba ukalitsina linkachedwa kubwerera. BP inali 92/58, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi, kutentha kwa thupi 37.4. Shuga wa pachala anali 6.1 mmol/L. Malungo sanapezeke, ndipo mayeso achangu a kolera, amene sitiwadumpha chichokere mliri wa 2022 ndi 2023, sanaonetse kanthu. Ankalankhula bwinobwino, nzeru zili m'malo.

Ndinaona kuti thupi latha madzi kwambiri ndipo impso ziyenera kuti zavulala. Ndinalemba madzi a diripi a Ringer's lactate kuti ayende mwachangu, ndinaimitsa enalapril, hydrochlorothiazide ndi ibuprofen, n'kupempha full blood count (kuwerenga maselo a magazi), urea ndi creatinine (zimene zimakwera impso zikavulala), sodium, potaziyamu, kashiamu ndi mayeso a chiwindi, amene mwa iwo muli alkaline phosphatase. Kenako anandiitana ku wodi ina.

Mmene magazi anatengedwera

Gawo ili sindinalione ndi maso anga. Ndikulemba monga namwino mwiniwake anandifotokozera pambuyo pake, ndipo anafotokoza zonse mosabisa.

Usiku umenewo wodi inali ndi odwala 38, anamwino awiri. Mitsempha ya mayiwa inali itaphwa. Namwino anayamba ndi mtsempha wa pamfundo ya dzanja lamanzere, mbali ya chala chachikulu, koma unaphulika n'kutupa. Anayesa kuseri kwa dzanja lamanja, anaphonya. Kachitatu kanyula (kapaipi kolowetsa mumtsempha) ya buluu, ya 22G, inalowa kuseri kwa dzanja lamanja lomwelo, diripi n'kuyamba kuyenda. Apa anachita bwino chinthu chimodzi chimene ambiri timachiphonya tikatopa: sanatenge magazi a ku labu pa mkono wa diripi. Anapita pa chigongono chamanzere, anamanga golovesi pamwamba pake, n'kubaya ndi singano ya 21G pa sirinji ya 5 ml. Magazi ankabwera monyinyirika. Atafika pa 4 ml, mtsempha unatseka.

Kabotolo kamene kanali pafupi ndi dzanja lake kanali ka chivindikiro cha pepo, ka full blood count. Anabaya chivindikirocho, ndipo mpweya wokoka wa m'kabotolo unamwa pafupifupi 2.5 ml asanazule. Ka chivindikiro chofiira, ka mayeso a impso ndi mchere wa m'magazi, kanalandira 1.5 ml yotsalayo. Anakayang'ana n'kukumbukira mafomu angapo amene anabwerapo ku labu atalembedwa kuti magazi achepa. Atawauza mayiwo kuti mwina abayanso, iwo anati, "Mwana wanga, wandibaya kanayi. Magazi ake ati amene ukufunanso? Ine ndatha kale." Mwana wawo nayenso anati, "Asisita, chonde, amayi atopa."

Namwino anatsegula chivindikiro cha pepo, n'kutsanulira pang'ono chabe, mwina osafika theka la ml, m'kabotolo kofiira kaja kuti kaoneke kodzaza. Anatseka tonse tiwiri, analemba maina, n'kutumiza.

Anachita zimenezi chifukwa cha chisoni, ndipo ndikudziwa kuti si iye yekha amene anachitapo. Ineyo ndili wophunzira ndinaona munthu wamkulu pa ntchito akutsanula chimodzimodzi, palibe amene anatsutsa, ndipo ndinaganiza kuti ndi nzeru ya ntchito.

Zotsatira zoyamba

Cha m'ma 10:30 foni ya pa wodi inalira. Wa ku labu anati potaziyamu ndi 7.4 mmol/L, sodium 131, urea 21 mmol/L, creatinine 342 µmol/L. Potaziyamu wa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0, ndipo akapitirira 6.5 mtima ukhoza kuima nthawi iliyonse.

Ndinakhulupirira nambalayo nthawi yomweyo, chifukwa inkagwirizana ndi nkhani imene ndinali nditadziuza kale. Impso zavulala, mkodzo wachepa, mayiwa akumwa enalapril amene amasunga potaziyamu m'thupi, pamwamba pake ibuprofen ndi tenofovir. Kufooka kwa miyendo kumabweranso potaziyamu akakwera. Zimene zinkakokera mbali inayo, masiku 4 otsegula m'mimba, kusanza, ndi hydrochlorothiazide amene amataya potaziyamu mumkodzo, sindinaziike pa sikelo. Ndinalemba calcium gluconate wa 10% woteteza mtima, komanso zotsitsa potaziyamu: insulini ma unit 10 mu 50 ml ya dextrose wa 50%, ndi salbutamol wopumira. Ndinauza namwino kuti achotse Ringer's, amene ali ndi potaziyamu pang'ono, aike normal saline, amene alibe, ine n'kupita kukatenga makina a ECG, ojambula kagundidwe ka mtima.

Ndikubwerera ndi makinawo, foni inaliranso. Anali wa ku labu yemwe uja, zotsatira zina zitatuluka. "Adokotala, mayi aja ali bwanji? Kashiamu wawo ndi 0.6, alkaline phosphatase 11. Munthu wa kashiamu wotere sangakhale phee pa bedi. Seramu, madzi a magazi aja, ndi yoyera bwino, maselo sanasweke. Koma pali chinthu china: magazi aja sanaundane bwino m'kabotolo, ndinadikira mphindi 30 n'kungowazunguza pa makina choncho. Afunseni amene anatenga."

Insulini inali itakokedwa kale mu sirinji, ili mu tireyi pambali pa bedi. Ndinati idikire.

Kashiamu wa munthu amakhala pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol/L. Pa 0.6 ndinkayembekezera zala zopindika, milomo yochita dzanzi, mwinanso kukomoka. Mayiwa anali atatsamira pilo, akuuza mwana wawo kuti aimbire mnzawo wa pamsika za tomato amene anatsala pa benchi. Pofuna zizindikiro za kashiamu wotsika, ndinawamanga chopimira BP pa mkono wamanzere, n'kupopa kupitirira BP yawo ya pamwamba kwa mphindi 3. Dzanja silinapindike. Ndinagogoda patsaya kutsogolo kwa khutu, nkhope sinagwedezeke. Pa mizere ya ECG ndinkafuna zizindikiro za potaziyamu wokwera: ma T aatali osongoka ndi QRS yotambasuka. Ndinapeza ma T ophwatalala, ndipo mu V2 ndi V3 munali kachitunda kakang'ono pambuyo pa T, ka U, kamene kamaoneka potaziyamu akatsika.

Ndinamuitanira namwino mu ofesi, kutali ndi odwala, n'kumufunsa kuti, "Asisita, tandiuzani mmene magazi aja anayendera kuchoka pa mkono kufika m'timabotolo." Anakhala chete pang'ono, kenako ananena zonse. Akanabisa, sindikudziwa ngati ndikanalimba mtima kusiya insulini ija.

Chimene chinachitika m'kabotolo

Kabotolo ka pepo si kopanda kanthu. M'kati mwake anawazamo EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana kuti maselo awerengeke. EDTA amagwira kashiamu, ndipo popanda kashiamu magazi saundana. Amene ali m'timabotolo tathu ndi wa K3, kutanthauza kuti EDTA aliyense amabwera atanyamula potaziyamu atatu. Ndiye madontho ochepa ochokera m'kabotolo ka pepo akalowa m'kofiira, potaziyamu amakwera, kashiamu amagwidwa osaonekanso pa makina, ndipo alkaline phosphatase, amene amagwira ntchito ndi zinc ndi magnesium, amagwa chifukwa EDTA wagwiranso zimenezo. Zitatuzi zikabwera limodzi pa fomu imodzi, potaziyamu wokwera, kashiamu wotsikitsitsa ndi alkaline phosphatase wotsikitsitsa, ndimayamba ndafunsa za kabotolo ndisanafunse za impso.

N'chifukwa chake pali ndondomeko ya kadzazidwe ka timabotolo, imene ilinso m'malangizo a WHO a 2010 a katengedwe ka magazi: botolo la blood culture, lofufuzira tizilombo m'magazi, limayamba, kenako ka buluu ka citrate, kenako kofiira kapena kachikasu ka seramu, kobiriwira ka heparin, ka pepo, n'kumalizira kotuwa ka shuga. Ambiri tinailoweza ngati nyimbo ya mayeso, osaimvetsa. Nsonga ya singano imene yalowa m'ka pepo ikhoza kunyamula EDTA wokwanira kusuntha potaziyamu wa m'kabotolo kotsatira. Kwa mayiwa zinachitika zonse ziwiri, ka pepo kanayamba, kenako kutsanula.

Potaziyamu wabodza ali ndi njira zinanso. Maselo ofiira amasunga potaziyamu wochuluka kuposa ka 20 poyerekeza ndi madzi a magazi, choncho akasweka chifukwa chokoka sirinji mwamphamvu, kukankha magazi kudzera m'singano yaing'ono kapena kukhutchumula kabotolo, nambala imakwera. Kumanga mkono nthawi yaitali ndi kuuza wodwala kuti azifumbata n'kumatambasula dzanja kumakwezanso. Kabotolo kogona pa wodi usiku wonse, makamaka mu filiji kasanazunguzidwe, kamachita chimodzimodzi. Koma kusweka kwa maselo kumaoneka, seramu imafiira, ndipo wa ku labu amakuchenjeza. EDTA saoneka ndi maso.

Kudikira kapena kupereka

Apa ndi pamene ndinavutika mumtima, ndipo sindikufuna kuti wina awerenge lipotili n'kuganiza kuti potaziyamu wokwera aliyense ayenera kudikira mayeso achiwiri. ECG yooneka bwino siichotsa ngozi, anthu ena amafika pa 7 ECG isanasinthe. Kwa munthu wa impso zovulala ngati uyu, kukanakhala kuti nambala yokhayo ya 7.4 ndiyo inabwera, popanda umboni wina, ndikanapereka mankhwala n'kutenga magazi ena nthawi yomweyo. Chimene chinandiimitsa ndi zinthu zinayi zogwirizana: kashiamu wosatheka mwa munthu amene akucheza, alkaline phosphatase wa 11, ECG yoloza mbali inayo, ndi mawu a namwino. Calcium gluconate ndinamusiya pafupi, Ringer's ndinamubwezera, ndipo namwino wachiwiri ankamva kugunda kwa mtima mphindi 15 zilizonse.

Kutenganso magazi

Chovuta chinali kubwerera kwa mayiwa ndi singano yachisanu. Ndinakhala pampando pambali pa bedi n'kuwauza zoona. "Amayi, magazi oyamba aja tawaononga ife, si inu. Akutiuza zinthu zimene sizikugwirizana ndi thupi lanu. Ndikawakhulupirira, ndikupatsani mankhwala amene angakuvulazeni. Ndikupempha kamodzi kokha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Magazi onsewa mumapita nawo kuti?"

Funso limeneli sindiliseka. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika muno mu Blantyre, anthu anaphedwa chifukwa cha nkhani ya magazi, ndipo mantha aja sanathe m'mitima ya ambiri. Ndinawaonetsa sirinji yopanda kanthu, n'kuwauza kuti ikadzaza ndi supuni yaing'ono imodzi ya tiyi, pamene thupi lawo lili ndi malita oposa 4. Ndinati mwana wawo akhoza kundiperekeza mpaka pa windo la labu akaone kumene akupita. Anatambasula mkono n'kunena kuti, "Kamodzi komweko, bambo."

Nthawi imeneyi anali atalandira lita imodzi ndi theka, mitsempha itayamba kudzuka. Dzanja lamanja linali ndi diripi. Chigongono chamanzere chinali ndi chotupa cha poyamba paja, ndipo nditaona creatinine sindinafunenso kukhudza mitsempha ikuluikulu ya mkono umenewo. Ndinasankha kuseri kwa dzanja lamanzere. Ndinathira madzi ofunda mu golovesi, n'kuimanga, n'kuiika padzanjapo mphindi 5, mkono utalendewera m'mbali mwa bedi. M'malo mwa golovesi yomangira ndinagwiritsa ntchito chopimira BP, nditapopa pang'ono chabe kufika pa 40, kuti magazi azilowa mumkono koma asamatuluke msanga. Ndinawauza kuti dzanja alisiye lofewa. Kamtsempha kanaoneka pakati pa chala chachitatu ndi chachinayi, kopyapyala koma kodumpha ukakadina. Ndinapukuta ndi sipiriti n'kudikira kuti aume yekha, osauzira, osakhudzanso. Ndinakoka khungu ndi chala chachikulu kuti mtsempha usathawe, n'kulowetsa singano ya 23G mogoneka. Magazi ataonekera ndinamasula chopimira chija, n'kumakoka sirinji pang'onopang'ono, kudikira kuti magazi azitsatira okha. Ndinapeza 3 ml.

Kabotolo kofiira ndinakaimika m'choikamo chake, osakagwira ndi dzanja lina, n'kubaya chivindikiro ndi dzanja limodzi, osakankha sirinji. Pa malo amenewa ndi pamene ambiri timadzibaya, kabotolo kali m'dzanja lamanzere singano ikubwera ndi lamanja. Mwayi wotenga HIV pa kudzibaya kumodzi ndi pafupifupi 0.3%, wa hepatitis B ndi wokulirapo kwambiri kwa amene sanabayitse katemera, ndipo PEP, mankhwala oteteza ku HIV munthu akadzibaya, imayenera kuyamba pasanathe maola 72. Ndinalemba dzina, nambala, nthawi ndi mkono pa bedi pomwepo, n'kunyamula ndekha, mwana uja ali pambuyo panga ndi ambulera.

Patatha mphindi 45 zotsatira zinali izi: potaziyamu 2.9, kashiamu 2.15, alkaline phosphatase 88, creatinine 328. Magazi anaundana bwinobwino.

Insulini ndi dextrose zimatsitsa potaziyamu ndi pafupifupi 1 mmol/L polowetsa m'maselo, ndipo salbutamol amawonjezera. Kuchoka pa 2.9, mayiwa akanatha kufika pansi pa 2 pakati pa usiku, pa wodi yopanda makina oonera mtima. Pamwamba pake insulini imachedwa kuchoka m'thupi la munthu wa impso zovulala amene sanadye masiku awiri. Akanapezeka m'mawa atazizira, tikanalemba kuti anamwalira ndi potaziyamu wokwera ngakhale tinapereka chithandizo, ndipo palibe akanatsutsa.

Ndili pa windo paja ndinamufunsa wa ku labu kuti 1.5 ml yoyamba ija ikanakwana kapena ayi. Anati makina awo amafuna seramu yochepa kwambiri, ndipo 1 ml ya magazi imakwana mayeso onse amene ndinapempha. Mafomu amene ankabwezedwa kale anali a timabotolo tongonyowa pansi.

Chithandizo ndi nkhani ya kanyula

Tinaika paipi ya mkodzo kuti tiziyeza. Mkodzo utayamba kubwera mokwanira m'bandakucha, tinayamba kubwezera potaziyamu mosamala chifukwa cha impso: potassium chloride 20 mmol mu lita imodzi, thumba litasakanizidwa bwino ndi kulembedwa ndi zilembo zazikulu, kuyenda maola 6. Potassium chloride sabayidwa mumtsempha ndi sirinji, ndipo pa kanyula ya padzanja sitipitirira 40 mmol mu lita kapena 10 mmol pa ola. Kusanza kutasiya tsiku lachiwiri tinasinthira ku mapiritsi ndi Thanzi. Magazi tinkatenga kamodzi pa tsiku, mayeso onse pa kubaya kumodzi, kuseri kwa dzanja, m'mawa diripi ili mbali inayo. Potaziyamu anakwera kufika 3.3, kenako 3.8. Creatinine inatsika kufika 251 tsiku lachitatu.

Tsiku lachitatu lomwelo thupi linatentha kufika 38.1, ndipo mayiwa anati dzanja lamanja likuwotcha. Nditamatula pulasitala ndinapeza khungu lofiira mozungulira kanyula, ndi mzere wofiira wotalika ngati chala ukukwera kupita pamfundo ya dzanja, wolimba ngati chingwe ukaukhudza. Mafinya panalibe. Inali kanyula ija ya usiku woyamba, yoikidwa mothamanga, imene inadutsa malita ambiri ndi potaziyamu wowawa m'kamtsempha kakang'ono. Pulasitala anali wokutira dzanja lonse moti pobayira sipankaoneka, ndipo panalibe deti. Ine ndinadutsa pa bedi limeneli m'mawa uliwonse ndikuwerenga manambala a impso, osamatula n'kamodzi komwe.

Tinaichotsa, tinaika nsalu yofunda, mkono n'kuukweza pa pilo. Popeza anali akumwa bwino, sitinaikenso ina. Ndinatenga blood culture pa mkono wamanja chakumtunda, pa malo athanzi, khungu ndi chivindikiro cha botolo zitapukutidwa n'kuuma, 10 ml, chifukwa magazi ochepa m'botolo la munthu wamkulu amaphonya tizilombo. Muno mu Blantyre tili ndi mwayi wodziwa tizilombo timene timapezeka m'magazi a odwala athu, chifukwa a kafukufuku a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza blood culture ku Queen Elizabeth Central Hospital kuyambira 1998, ndipo Salmonella, kuphatikizapo wa typhoid, amadziwika bwino m'zotsatira zawo. Kwa mayi wotsegula m'mimba amene ali ndi HIV ndinkaganizira ameneyo, komanso Staphylococcus aureus, kachilombo ka pakhungu kolowera pa kanyula. Kutentha kunatsika pasanathe maola 24 kanyula itachoka, ndipo m'botolo simunamere kanthu patatha masiku 5.

Kale tinkaphunzitsidwa kusintha kanyula pakatha maola 72 mpaka 96. Masiku ano malangizo ambiri amati ichotsedwe pakaoneka vuto kapena ikatha ntchito, bola pobayira paziyang'anidwa pa shifiti iliyonse. Mfundoyo ndi yabwino kumene pulasitala ndi woonekera ndipo namwino ali ndi odwala ochepa. Pa wodi ngati yathu, ine ndimakakamirabe deti pa pulasitala, ndipo kanyula yoikidwa mothamanga pa ngozi ndimafuna isinthidwe pasanathe masiku awiri.

Mkono wamanzere

Mayiwa anatuluka tsiku lachisanu ndi chimodzi creatinine ili pa 168. Mogwirizana ndi a ku kiliniki ya ma ARV, titayeza hepatitis B n'kupeza kuti alibe, tinawachotsa pa tenofovir n'kuwaika pa 15A, wa abacavir, lamivudine ndi dolutegravir. BP tinayamba ndi amlodipine. Ndinauza mayiwa ndi mwana wawo kuti ibuprofen ndi anzake asadzamwenso, ndipo tsiku lililonse limene atsegula m'mimba kapena kusanza abwere msanga.

Patatha miyezi 3 creatinine inali 142, eGFR, muyeso wa mphamvu ya impso yosefera magazi, pafupifupi 38. Impso sizinabwerere mwakale, ndipo n'kutheka kuti BP inali itazidya kale matendawa asanabwere. Mwina sadzafika pofuna dialysis, kusefa magazi ndi makina, koma akadzafika, madokotala a opaleshoni adzafuna mtsempha wabwino pa mkono umene sagwiritsa ntchito kwambiri kuti alumikize ndi mtsempha wochokera kumtima, apange fistula, polumikizira makinawo. Mtsempha woyamba umene amaufuna ndi wa pamfundo ya dzanja mbali ya chala chachikulu, womwe uja tinauphulitsa usiku woyamba. Kubaya kulikonse ndi kanyula iliyonse zimasiya chipsera m'kati. Munthu wopanda fistula amayenda ndi paipi ya pakhosi, imene imatseka ndi kulowetsa tizilombo, ndipo malo a dialysis m'zipatala za boma, monga ku Queens ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna. Pa tsamba loyamba la buku lawo ndinalemba ndi cholembera chofiira kuti mkono wamanzere usungidwe, magazi ndi kanyula zikhale kuseri kwa dzanja, makamaka lamanja. Ndinawatumizanso ku kiliniki ya impso.

Pa wodi tinalemba lipoti la chochitikachi popanda kuloza munthu chala, ndipo namwino uja ndiye anapempha kuti afotokoze yekha pa msonkhano wa m'mawa. Atamaliza, anzathu atatu ananena kuti nawonso anatsanulapo. Tinagwirizana ndi a ku labu kuti magazi akachepa tiziimba foni tisanabayenso kapena kuchita china chilichonse, iwo aziimba asanabweze kabotolo, ndipo magazi osaundana m'kabotolo kofiira asamazunguzidwe asanafunse ku wodi. Ine gawo langa ndi kulemba pa fomu mayeso amene ndikuwafuna koyamba ngati magazi atachepa. Usiku uja ndikanalemba kuti impso ndi potaziyamu ziyambe, full blood count idikire, kabotolo kofiira kakanadzaza koyamba.

Mayiwa ndinawaona komaliza mwezi watha. Potaziyamu anali 4.3, creatinine 139, BP 134/82. Chingwe cholimba cha padzanja lamanja chinatha. Ndinawamanga mkono wamanzere pang'ono n'kutsatira ndi chala mtsempha wa pamfundo uja: ukumveka wofewa kuchokera pamwamba pa chipsera kukwera mpaka pakati pa mkono, koma pa chipsera penipeni pali kamfundo kolimba ngati njere ya mapira. Ndinalemba zimenezi m'kalata ya ku kiliniki ya impso, kuti akadzaona koyenera adzaupime ndi ultrasound. Abweranso pakatha miyezi 3.